Akuti adzipereka, nanga apereka chiyani?

Liwu limodzi la Chingerezi linandichititsa manyazi pamaso pa mudzi wonse. Kunali kwathu, m'chilimwe, mjigo wa pamudzi utafa kwa miyezi ingapo, amayi atabwerera kukatunga kudambo kumene ng'ombe zimamwera. Kunabwera bwana wina wa kutauni pagalimoto yoyera yaitali ija, ndipo poti ine ndinali mwana wophunzira amene anapezeka pafupi, amfumu anandiloza kuti ndizimasulira. Bwanayo Chichewa ankachidziwa, ndinali nditamumva akunenerera nkhuku pamsewu, koma ataima pansi pa mtengo wa mango anasankha Chingerezi. M'zoyankhula zake liwu limene linkangobwerabwera linali lakuti "committed". Pa nkhani ya madzi anali "committed", pa umoyo wa amayi ndi ana chimodzimodzi. Ine nthawi iliyonse ndinkati, "Akuti iwo ndi odzipereka," anthu n'kuwomba m'manja.

Nthawi ya mafunso itakwana, gogo wina anadzuka motsamira ndodo. Sanayang'ane bwanayo, anayang'ana ine.

"Mwana wanga, wati adzipereka. Tsono apereka chiyani? Tawafunsa, mwina ine makutu anatha."

Anthu anafa nacho chiseko. Amfumu anati, "Agogo, takhalani pansi, alendo afotokoza kale." Ine ndinangomwetulira ngati chitsiru, funsolo osalimasulira n'komwe. Koma gogoyo sanali kuchita nthabwala, ndipo mwa tonse amene tinali pansi pa mango paja, ndi iye yekha amene anamva liwulo molondola, ngakhale Chingerezi sanachiphunzirepo.

Ndikutero chifukwa liwu lakuti "commit", kumene kumachokera "commitment" ndi "committed", tsinde lake ndi kupereka ndithu. Linachokera ku Chilatini, ku mawu akuti committere, omwe ndi mawu awiri olumikizidwa: lina lotanthauza pamodzi, lina lotanthauza kutumiza kapena kutaya kuti chinthu chipite. Aroma ankaligwiritsa ntchito ponena za kulumikiza zinthu, komanso kusungitsa chinthu m'manja mwa munthu wina. Linalowa m'Chingerezi cha m'ma 1300, ndipo tanthauzo lake lalikulu linali lomweli, kuika chinthu m'manja mwa wina kuti achisunge kapena achite nacho kanthu. Ife tomwe tili ndi mdzukulu wa liwuli m'Chichewa. Komiti ya mjigo, komiti ya sukulu, komiti ya ukwati, zonsezi dzina lake likuchokera pomwepa: komiti ndi anthu amene nkhani yatulidwa m'manja mwawo. Yachoka kwa gulu, yapita kwa iwo.

Taonani mmene liwuli limagwirira ntchito m'malo amene sachita nalo zibwana. Kukhoti, woweruza wa khoti laling'ono akaona kuti mlandu ndi wakupha, amene iye alibe mphamvu zouzenga, amautumiza ku khoti lalikulu, ndipo Chingerezi cha malamulo chimati woimbidwa mlanduyo wakhala "committed". Munthu akamatumizidwa kundende liwu lake ndi lomweli, ndipo pepala limene woyang'anira ndende amalandira polandira mkaidi limatchulidwa ndi liwu lomweli. Liwu lakuti "commitment" litayamba kulembedwa m'zaka za m'ma 1600, limeneli ndiye linali tanthauzo lake, kutsekera munthu m'manja mwa boma. Zoti likutanthauza lonjezo zinabwera mochedwa, patapita zaka zoposa zana. Kumanda nakonso liliko. Buku la mapemphero la mpingo wa Anglican la 1662 limagwiritsa ntchito liwu lomweli pa nthawi imene mtembo ukuperekedwa kunthaka, ndipo mpaka lero mwambo wa pamanda m'Chingerezi umatchedwa "committal". Bokosi likatsikira m'dzenje, adzukulu n'kuyamba kukwirira, palibe amene amati tiyeni tikambiranenso sabata yamawa.

Ngakhale tanthauzo lija la kupalamula, pamene Angerezi amati munthu wachita "commit" mlandu, fungo lake ndi lomwelo. Chinthu chachitika, chatuluka m'manja mwako, sungachibweze. Achinyamata olemba mapulogalamu a kompyuta nawo analitola. M'chida chotchedwa Git, chimene Linus Torvalds anapanga mu 2005, ukachita "commit" ndiye kuti zimene wasintha zalembedwa m'kaundula, pamodzi ndi dzina lako ndi nthawi yake, kuti anzako adzadziwe amene anawononga.

M'matanthauzo onsewa pali chinthu chimodzi chosasintha. Pamakhala chinthu chimene chachoka m'dzanja: mkaidi, mtembo, mlandu, ndalama, zolemba. Pamakhalanso wolandira. Ndiye gogo uja atafunsa kuti apereka chiyani, ankafunsa funso limene liwulo linabadwa nalo.

Chimene chachitika m'kamwa mwa andale, mabwana a mabungwe ndi olemba zikalata za misonkhano n'chakuti liwuli analichotsa katundu. Linali liwu la ntchito, analisandutsa liwu lofotokoza mtima. "Tili committed" sakunenanso kuti taika chakuti m'manja mwa uje. Akunena za mmene akumvera m'chifuwa, ndipo m'chifuwa mwa munthu simulowa wowerengera ndalama. Ubwino wake kwa woyankhula ndi woti liwuli likadali ndi kulemera kwa khoti ndi kwa manda, pamene mkati mwake mulibe kanthu. Munthu angathe kukhala "committed" pa mlatho kwa zaka khumi ndi zisanu, mtsinje ukukokolola anthu chaka ndi chaka, osanamapo ngakhale tsiku limodzi. Akanati "timanga mlathowu pofika mwezi wa Okutobala", Novembala akanamugwira bodza. Ndiye chifukwa chake satero.

Tsono apa m'pamene ife omasulira timalowa, ndipo ndikudziimba mlandu ndekha poyamba. Tsegulani wailesi madzulo ano, mumva kuti boma lati ndi lodzipereka pothana ndi ziphuphu, bungwe lakuti lati ndi lodzipereka potukula atsikana, kampani yakuti yati ndi yodzipereka potumikira makasitomala ake. Tinagwirizana tokha, popanda msonkhano, kuti "committed" ndi "kudzipereka". Koma kudzipereka m'Chichewa ndi liwu lolemera kuposa pamenepo. Kamphatikizo kaja ka "dzi" kakunena kuti chimene chaperekedwa ndi iwe mwini. Timati ndi wodzipereka mayi amene wagona pakhonde la chipatala milungu itatu akudwazika apongozi ake. Timati ndi wodzipereka mphunzitsi wa kumudzi amene amapalasa njinga m'matope kukaphunzitsa ana pansi pa mtengo, malipiro atachedwa. Munthu sadzitcha yekha wodzipereka, amamutcha ndi anthu ataona. Tikatenga liwu limeneli n'kuliveka munthu amene wangowerenga papepala, tamupatsa ulemu umene ngakhale Chingerezi chake sichinapemphe. Tamukweza udindo pomasulira.

Chosangalatsa n'chakuti anthu amene amagwira ndalama zenizeni sanalole kuti liwuli lisungunuke. Bungwe la OECD, limene limawerengera thandizo limene mayiko olemera amapereka, limasiyanitsa zinthu mosamala. Zimene mtsogoleri walengeza pamsonkhano, atolankhani akujambula, ndi lonjezo chabe. Kuti chinthu chitchedwe "commitment" m'mabuku awo, pafunika chikhale cholembedwa, chomanga, ndipo ndalama zake zikhale zitapatulidwa. Ndiye palinso gawo lachitatu, pamene ndalamazo zatulukadi n'kufika kwa wolandira. Akauntanti wa m'boma amadziwanso zomwezi: LPO, chikalata choitanitsira katundu chija, ikangotuluka, ndalama imeneyo yamangidwa, sungaiwerengerenso ngati ilipo. Ndiye liwu limodzi lomweli m'ofesi ya akauntanti ndi chingwe, pa nsanja ya msonkhano ndi mphepo. Womvera wailesi kumudzi sauzidwa kuti lero akumva liti mwa awiriwa.

Mbiri ya malonjezo akuluakulu a dziko lapansi ikuonetsa kutalika kwa mtunda umene uli pakati pa pakamwa ndi padzanja. Mu 1970, msonkhano waukulu wa United Nations unavomereza kuti mayiko olemera azipereka 0.7 peresenti ya chuma chimene amapeza pachaka ngati thandizo ku mayiko osauka. Patha zaka zoposa makumi asanu, ndipo amene akhala akufikapo mokhazikika ndi ochepa, monga Sweden, Norway, Denmark ndi Luxembourg. Dziko la Britain linafikapo mu 2013, ndipo mu 2015 linachita kuika zimenezi m'malamulo kuti aliyense aone kuti silikuseka. Mu 2021 linatsitsa kufika pa 0.5 peresenti, likuti chuma chavuta chifukwa cha Covid-19. Mu February 2025 nduna yaikulu Keir Starmer inalengeza kuti zitsikanso kufika pa 0.3 peresenti pofika 2027, ndalamazo zipite ku asilikali. Pa nthawi zonsezi, boma la ku London silinasiye kunena kuti dziko lawo ndi "committed" pa chitukuko cha mayiko osauka.

Ku Copenhagen mu 2009, mayiko olemera analonjeza kuti pofika 2020 azisonkhanitsa madola 100 biliyoni pachaka othandizira mayiko osauka pa mavuto a kusintha kwa nyengo. Chaka cha 2020 chinafika, ndalamazo zisanakwane. Malinga ndi kuwerengera kwa OECD zinakwana mu 2022, ndipo gawo lalikulu linali ngongole zoti zidzabwezedwe. Anthu a ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Nsanje amene namondwe wa Freddy anawagumulira nyumba mu March 2023 sanafunikire kuuzidwa kuti kuchedwa kwa zaka ziwiri kumatanthauza chiyani.

Koma tisaloze azungu okha. Mu April 2001, atsogoleri a mayiko a mu Africa anakumana ku Abuja n'kulonjeza kuti aziika 15 peresenti ya bajeti zawo ku zaumoyo. Palibe anawakakamiza, anasaina okha. Mayiko ambiri sanafikepo, ndipo aliyense amene anauzidwapo pawindo la mankhwala kuti "kagulani ku famase" amadziwa zotsatira zake. Lonjezo la ku Maputo la 2003, loika 10 peresenti ya bajeti ku ulimi, Malawi anali m'gulu la mayiko ochepa amene analikwaniritsa, makamaka chifukwa cha pulogalamu ya feteleza wotsika mtengo imene inayamba mu 2005 m'nthawi ya Bingu wa Mutharika. Ndipo ndikuona kuti chifukwa chake n'choonekeratu. Feteleza ali ndi tsiku lake, mvula ikagwa mlimi amadziwa ngati thumba lafika kapena ayi, ndipo mlimi yemweyo ali ndi voti. Lonjezo limenelo linali ndi wolilondalonda. La ku Abuja linalibe.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti anthu omwewa amene amatiuza kuti tikhulupirire mtima wawo, iwo mtima wathu saukhulupirira. Pitani mukapeze malo a mwana pa sukulu yolipira, kapena mukasungitse holo ya ukwati, kapena mukafunse puloti. Akuuzani kuti muyambe mwapereka "commitment fee". Yesani kuwayankha kuti, "Bwana, ine ndine wodzipereka kwathunthu pa maphunziro a mwana wangayu, ndalama zibwera zinthu zikayenda bwino." Akusekani mpaka pageti. Pamenepo liwu lija labwerera ku tanthauzo lake lakale: tulutsa kanthu m'thumba, kasiye pano, ndipo ukasintha maganizo sikabwerera. Munthu wamba amaonetsa "commitment" ndi lisiti, wamkulu amaonetsa ndi maikolofoni.

Kuntchito n'chimodzimodzi. Ndinagwirapo pa ofesi ina pamene abwana ankakonda liwuli ngati ndiwo. Lachisanu madzulo, anthu tikulongedza, iwo ankatulukira n'kunena kuti mawa tonse tibwere, aone amene ali "committed". Za ovataimu osatchula. Mwezi wina malipiro anachedwa masiku khumi ndi awiri, ndipo mnzathu wina, bambo wa ana anayi, anajomba Loweruka chifukwa analibe ya minibasi. Lolemba anaitanidwa. Ndinamva kudzera pakhoma lamatabwa lija akuuzidwa kuti, "Achimwene, vuto lanu ndi commitment." Iye anangoti, "Pepani bwana." Sabata yomweyo tinalandira kalata yotiuza kuti akuluakulu a kampani akadali "committed" kutilipira mwamsanga. Liwu limodzi, sabata imodzi: kwa iye linatanthauza kuyenda wapansi kuchoka kwawo mpaka m'tauni, kwa iwo linatanthauza kuti tidikire.

Ndiye pali kagwiritsidwe kena kamene kamandiseketsa. Munthu akafuna kuthawa maliro, chinkhoswe kapena msonkhano wa banja, amatumiza uthenga pa WhatsApp kuti, "Pepani, ndili ndi ma commitment ena." Liwu lomangira munthu lasanduka chomasulira. M'Chichewa sangayerekeze, chifukwa akangoti "ndili ndi zochita zina", amalume afunsa kuti zochita zanji zoposa kuika m'bale wako. Chingerezicho chimatseka pakamwa, chimamveka ngati nkhani ya ofesi imene munthu wamba sayenera kufunsa.

Makolo athu anali ndi liwu limene ndikuona kuti ndi lofanana kwambiri ndi tanthauzo lenileni la "commitment", ndipo si kudzipereka ayi. Ndi chikole. Mnyamata akafunsira mbeta n'kuloledwa, mawu okha sankakwana. Ankasiya kanthu m'manja mwa mtsikanayo, kaya mpango, kaya mkanda, kaya kandalama, kuti akadzayamba kuzemba pakhale chogwirika choonetsa kwa ankhoswe. Kanthuko sikankafunika kukhala kodula, kankangofunika kuchoka kwa iye n'kupita kwa wina, anthu n'kudziwa. Wobwereketsa ndalama amafunanso chikole, ndipo amayi a banki m'khonde akhoza kukunyamulira wailesi kapena mbuzi ngati walephera kubweza. Anthu amene ankati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo, sakanawomba m'manja chifukwa choti mlendo wanena za mumtima mwake.

Pali amene angandiyankhe kuti ndikuuma mtima. Angati lonjezo lopanda chikole nalonso lili ndi ntchito, chifukwa limapatsa anthu ndodo yomenyera. Ndikuvomereza mbali ina. Chaka chilichonse bajeti ikawerengedwa ku Nyumba ya Malamulo, mabungwe a zaumoyo amatulutsa nambala ija ya ku Abuja n'kufunsa nduna kuti bwanji sitinafikepo. Popanda lonjezo la 2001 akanasowa poyambira. Mayiko osauka akanasowanso chokumbutsa anzawo olemera pa misonkhano ya zanyengo pakanapanda madola 100 biliyoni aja. Koma taonani chimene chikupangitsa malonjezo amenewa kukhala ndodo: ali ndi nambala, ena ali ndi chaka. Ukhoza kuwaika pasikelo. Amene ndikulimbana nawo ine ndi aja opanda nambala, opanda tsiku, opanda dzina la munthu woti tikamugogodere. Amenewo sumenya nawo ngakhale ntchentche.

Ena angatinso womasulira ntchito yake ndi kunena zimene zanenedwa, osati kuweruza. Zoona. Koma ndiye tinene zimene zanenedwadi. Ngati nduna yati ili "committed" koma sinatchule ndalama, tsiku kapena kontilakitala, Chichewa chokhulupirika ndi chakuti "nduna yati ili ndi mtima wofuna kuchita zakuti", kapena "nduna yati nkhaniyi ikuiganizirabe". Ngati yatchula tsiku, tinene kuti "yalonjeza", liwu limene Mmalawi aliyense amadziwa kuti ndi ngongole, paja lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Ngati pasainidwa pepala, "yachita pangano". Ngati ndalama zapatulidwa, "yaika ndalama zakuti padera". Chichewa chili ndi makwerero onsewa, ndipo womvera akamva liwu amadziwa kuti nkhani yafika pa sitepe iti. Chingerezi cha pa nsanja chimawaphwanya onse n'kuwaika m'thumba limodzi, ife n'kumathandiza kumanga thumbalo ndi liwu lathu laulemu kwambiri. Kumeneko si kusakondera. Ndi kukondera woyankhula.

Ndikudziwa kuti mtolankhani wa pa wailesi amakhala ndi mphindi zochepa kuti amasulire nkhani khumi, ndipo "kudzipereka" ndi liwu limene limabwera lokha pa lilime. Ndikudziwanso kuti mkonzi wina angaope kuti "yati ili ndi mtima wofuna" zikumveka ngati kunyoza boma. Koma ngati kumasulira molondola kukumveka ngati chipongwe, vuto lili m'zimene zinanenedwazo. Woyankhula amene sakufuna kumveka wopanda kanthu ali ndi njira yapafupi, atchule tsiku.

Mjigo wa kwathu uja unadzakonzedwa patapita chaka ndi miyezi. Galimoto yoyera ija sinabwerenso. Amayi a m'mudzimo anasonkherana, nyumba iliyonse kandalama kake, mlembi wa komiti akulemba maina m'kope la sukulu, n'kuitanitsa mmisiri wa kumsika amene anadzasintha mapaipi awiri ndi marabala. Nditapita kumudzi pa Khirisimasi anandionetsa kopelo. Dzina la gogo uja linali pa nambala 4, ndipo poti ndalama analibe, pambali pake analembapo kuti "nkhuku imodzi".